PHOKOSO LA NDEGE NDI MABWALO AWIRI A KU LILONGWE

Mwezi uno tifuna kukamba nanu, owerenga athu, za ndege ndi kulira kwake, ndi kulondola mbiri ya nkhaniyi monga inayendera pa mzinda wa Lilongwe. Kapena wina adzati, Nanga ife a kumudzi, amene sitinakwerepo ndege, ndipo kapena sitidzaikwera konse, nkhani yotere itikhudza bwanji? Tiyankha kuti itikhudza ndithu, pakuti amene akwera ndege ndi ena, ndipo amene amva kulira kwake ndi enanso. Wokwerayo akhala m'kati, chitseko chili chotseka, nalandira tiyi wake. Koma wakumvayo ali pansi, m'munda mwake, kapena m'sukulu, kapena pamphasa pake usiku. Ndiponso ana athu ambiri masiku ano asamukira ku Lilongwe, nafuna malo omangapo nyumba kumene mtengo uli wotsika, ndipo si onse amene afunsa chimene chautsitsa mtengowo.

Lilongwe sunali mzinda waukulu kale ayi. Boma la Angerezi linakhazikika pamenepo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, m'mbali mwa mtsinje umene unapatsa malowo dzina, ndipo pang'onopang'ono panadza msika ndi masitolo a Amwenye tsidya lina, ndi nyumba za akuluakulu a Boma tsidya linzake. Ndiwo malo amene lero atchedwa Old Town. Fodya wa m'chigawo chapakati ndiye anakulitsa malonda ake. Komabe m'chaka cha 1966, pamene anthu anawerengedwa, onse okhala m'Lilongwe sanafike 20,000. Pa malo otere phokoso lalikulu linali bingu la m'dzinja, ng'oma za gule, belu la tchalitchi, ndi galimoto imodziimodzi ya fodya yobuula pa chitunda.

M'chaka cha 1931 Mzungu wina wa ku Blantyre, dzina lake Christowitz, anayamba kuyendetsa tindege tating'ono tonyamula anthu awiri kapena atatu pakati pa Blantyre ndi Beira. Zitapita zaka zowerengeka ntchito yake inalowa m'manja mwa kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways, ndipo m'chaka cha 1946 maiko atatu, ndiwo Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, anapanga kampani imodzi yotchedwa Central African Airways. Mabwalo ambiri a masiku amenewo sanali chinthu chodabwitsa: anali malo athyathyathya ozulidwa zitsa ndi kusalazidwa ndi makasu. Bwalo limene linatumikira Lilongwe kufikira chaka cha 1983 lili kumadzulo kwa Old Town, cha ku msewu wa ku Mchinji, makilomita owerengeka okha kuchokera pa mlatho.

Ndege za m'badwo umenewo zinali zoyenda ndi mapulopela, ndiwo mapiko aja ozungulira kutsogolo kwa injini. Kunali kandege ka injini imodzi kotchedwa Beaver, kamene kanafika ku maboma akutali a kumpoto, ndi Dakota ya injini ziwiri, yonyamula anthu makumi awiri kapena atatu. Kulira kwa zimenezi kunali kulindima kwa pansi, konga kwa galimoto yaikulu, kumene kumveka patali koma sikubaya khutu. Pambuyo pake kunadza Viscount ndi HS 748, zokhala ndi injini za Rolls-Royce zotchedwa Dart, ndipo zimenezi zinali ndi mluzu wakuthwa, makamaka zili pansi, kotero kuti oima pafupi anatseka makutu ndi zala. Koma anthu sanayese zimenezi chosautsa, pakuti ndege inali mlendo wofika mwa apo ndi apo. Ana anatuluka m'nyumba kukaiona, ndipo olima anaongoka, nasamira pa mpini, naiyang'ana mpaka italowa m'mtambo.

Kwa mabanja ambiri kulira kwa ndege kunali ndi tanthauzo lina. Wenela, amene analemba amuna a ku migodi ya ku Joni, anali ndi ndege zake zonyamula anthu pakati pa dziko lino ndi Francistown, kumene anakakwera sitima ya pamtunda. Kotero mayi wakumva ndege ikupita kumwera anakumbuka mwamuna wake kapena mwana wake. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela, ya mtundu wa DC-4, inagwa itangonyamuka ku Francistown, niphetsa anthu 78, ochuluka a iwo Amalawi obwerera kwawo ndi katundu wawo. Pomwepo Dr Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi, ndipo chiletsocho chinakhala zaka zitatu.

Tisanapitirire tiyenera kufotokoza muyeso umene anthu ayesa nawo phokoso, pakuti popanda muyesowo munthu sangathe kulinganiza ndege ina ndi inzake. Muyesowo utchedwa desibelo. Kunong'ona kuli ngati madesibelo 30. Kukamba kwa anthu awiri okhala pakhonde kuli ngati 60. M'chigayo chikugaya, nthawi zambiri phokoso lipitirira 90. Ndipo pafupi ndi jeti yonyamuka lifika 130, ngakhale 140, pamene khutu limva kuwawa. Akatswiri a makutu apeza kuti munthu wogwira ntchito tsiku ndi tsiku, maola 8, m'phokoso la madesibelo 85 kapena kuposa, makutu ake afooka pang'onopang'ono, ndipo sabwereranso mwakale. Amene muli ndi ana ogwira ntchito m'zigayo, sungani mawu amenewa.

Tsono muyeso umenewu suwerengedwa monga tiwerengera chimanga. Mukathira ndowa ziwiri pa ndowa ziwiri mupeza ndowa zinayi. Koma mukaika phokoso la madesibelo 60 pamodzi ndi linzake la 60, simupeza 120 ayi, mupeza 63. Ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo 10, mphamvu yake yachuluka kakhumi, koma khutu la munthu limva monga lakula kawiri. Kotero ndege imene iposa inzake ndi madesibelo 20 imveka kanayi kuposa inzakeyo, chinkana pa pepala kusiyana kwake kuoneka kochepa. Chinanso ndi ichi: mukatalikira gwero la phokoso kawiri kuposa pamene munali, phokosolo litsika ndi madesibelo 6. Tiyerekeze kuti ndege ilira madesibelo 90 kwa munthu woima mamita 300 kuchokera pamene ili. Woima mamita 600 adzamva 84, woima mamita 1,200 adzamva 78, ndipo mpweya womwe umeza lina, kotero kuti wa kutali amva locheperapo. Mtunda ndiwo mankhwala akale a phokoso, ndipo mudzaona kuti mbiri yonse ya Lilongwe pa nkhaniyi yagona pa mtunda.

Chimene chinasanduliza zonse ndicho jeti. Injini ya jeti imeza mpweya kutsogolo, niufinya, niutentha ndi mafuta, niutulutsa kumbuyo ndi liwiro loopsa. Phokoso lake lalikulu silichokera m'zitsulo ayi, koma pamene mpweya wothamangawo ukhulana ndi mpweya wongokhala. Amene munaonapo mpopi mudziwa kuti madzi otuluka momasuka angoti phwaa, koma mukatseka pakamwa pake ndi chala, nimusiya kampata kakang'ono, alira ndi kuthamanga. Majeti oyamba anali otero: kamwa lopapatiza ndi mpweya waukali. Jeti yoyamba yonyamula anthu olipira, Comet, inanyamuka ku London kunka ku Johannesburg m'mwezi wa May 1952, niima pa Livingstone panjira; ndipo kuyambira 1958, pamene Boeing 707 inayamba ntchito, majeti anachuluka m'maiko onse. Anthu okhala pafupi ndi mabwalo a London ndi New York anayamba kudandaula kolimba. Boma la Angerezi linaika malire pa ndege za usiku ku Heathrow m'chaka cha 1962. Amereka anapanga lamulo la phokoso la ndege mu 1969. Ndipo mu 1971 bungwe la maiko onse loyang'anira za ndege, ICAO, linaika muyeso umene ndege yatsopano iyenera kukwaniritsa isanaloledwe kugwira ntchito.

Mayesedwe ake ali otere. Ndege iyesedwa pa malo atatu: kumbali kwa msewu wake, mamita 450, pamene injini zili pa mphamvu yonse, kutsogolo, makilomita 6.5 kuchokera pamene inayambira kuthamanga; ndi kunsi kwa njira yake yotera, makilomita 2 isanafike pa msewu. Ndege zogwirizana ndi muyeso woyamba uja zinatchedwa za Chaputala 2. Mu 1977 muyeso unakhwimitsidwa, nukhala Chaputala 3. Mu 2006 kunadza Chaputala 4, chimene chinachotsa madesibelo 10 pa malo atatuwo ophatikizidwa. Ndipo kumapeto kwa 2017 kunayamba Chaputala 14, chochotsanso ena 7.

Nanga ife tinali pati pa mpikisano umenewu? Air Malawi inabadwa mu 1964 monga nthambi ya Central African Airways, niima payokha mu 1967. Mu 1972 inagula jeti ya BAC One-Eleven, ndipo mu 1974 inagula VC10, ndege yaikulu ya injini zinayi, imene inayenda pakati pa Chileka ndi London kufikira 1979. Mitundu iwiri yonseyi inali ndi injini kumchira, ndipo okwera anaiyamika chifukwa m'kati munali bata. Koma kunja inawerengedwa pakati pa ndege zaphokoso koposa zonse zonyamula anthu, ndipo midzi ya ku Chileka ndiyo inamva chimene okwerawo sanachimve. Tinganene kuti VC10 inali fanizo lokwanira la nkhani yathu yonse: mtendere kutsogolo, bingu kumbuyo. Ndegeyo inathera pa bwalo la Chileka lomwelo, itakhala zaka zambiri osauluka. Ma One-Eleven anagwirabe ntchito kufikira pamene Air Malawi inalandira Boeing 737-300 mu 1991. Ku Ulaya ndege za Chaputala 2 zinaletsedwa kotheratu kuyambira pa 1 April 2002, ndipo m'zaka zoyandikira chiletsocho zambiri za izo zinagulitsidwa motchipa ku makampani a mu Afirika. Kotero phokoso limene eni ake analikana kwawo linapeza msika kwathu kuno, monga zichitira zovala za kaunjika.

Palinso chinthu china chimene chikulitsa phokoso pa dziko ngati lathu. Chigwa cha Lilongwe chili pamwamba, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa pamwamba uli wopepuka. M'mwezi wa October, dzuwa likaswa mtengo, upepuka koposa. M'mpweya wotere mapiko sagwira msanga, ndi injini sizikoka monga zikokera kunsi. Chifukwa chake ndege yolemedwa ithamanga mtunda wautali isanadzuke, nikwera pang'onopang'ono, nikhalitsa pafupi ndi madenga a anthu. VC10 ija inapangidwa ndi mphamvu yochuluka dala chifukwa cha mabwalo otentha ndi okwera a mu Afirika, ndipo mphamvu yomweyo ndiyo inalira.

Tsopano tibwerere ku Lilongwe. Mu 1965 Boma la Dr Banda linatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba. Mu 1968 South Africa inabwereketsa marandi 8 miliyoni, ndipo bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa kuti limange mzinda. Mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. Okonza mapu anafuna mzinda wa mitengo ndi mipata. Anasiya Old Town pamene inali, namanga City Centre ndi Capital Hill kumpoto kwake, nasiya nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi pakati. Nyumba za mabwalo aakulu, za nduna, akazembe ndi akulu a makampani, anaziika ku Area 10, Area 11, Area 12 ndi Area 43, kuonjezera pa Area 3 ndi Area 9 za kufupi ndi Old Town. Mafakitale anawaika ku Kanengo. Koma likulu lifuna khomo lolowera alendo a maiko ena, ndipo bwalo lakale linali lalifupi, losakhoza kulandira majeti aakulu. Tsono anasankha malo ku Lumbadzi, ngati makilomita 25 kumpoto. Ntchito inayamba mu 1977, ndipo bwalo la Kamuzu linatsegulidwa mu 1983, lili ndi msewu wa mamita 3,540, pamene waukulu wa ku Chileka uli wa mamita 2,325.

Chimene omangawo anafuna makamaka ndicho malo aakulu athyathyathya. Koma chipatso china cha kusankha kwawo ndicho bata la mzinda. M'zaka zotsatira ndege zazikulu za British Airways ndi KLM zinatera ku Lumbadzi, ndipo munthu wokhala pakhonde ku Area 10 anangomva kulindima kwa kutali, kapena osamva kanthu konse. Akadatalikitsa msewu wa bwalo lakale m'malo momanga latsopano, majeti amenewo akadapita chapansipansi pamwamba pa madera a kumadzulo kwa mzinda, ndipo mbiri ya Area 9, Area 47 ndi Chinsapo ikadakhala ina. Pa ichi tiwayamika okonza mapu aja. Koma tisaiwale kuti malo a ku Lumbadzi sanali chipululu. Munali minda ndi midzi, monga munalinso m'malo onse amene likulu linatenga, ndipo eni ake anasamuka kapena anatsala m'mphepete mwa mpanda. Phokoso silinaphedwe ayi, linangosamutsidwa. Linachoka kwa iwo amene akwera ndege kawirikawiri, nilinka kwa iwo amene aiona ili m'mwamba.

Kusamutsa kotereku kunachitikanso ku Munich, m'dziko la Germany, ndipo kumeneko anthu ophunzira anachita chimene kuno sichinachitike: anayesa ana. Bwalo lakale la Riem linatsekedwa usiku umodzi m'mwezi wa May 1992, ndipo m'mawa mwake latsopano linatsegulidwa kutali ndi mzinda, mtunda wonga wa ku Lumbadzi. Akatswiri anatenga ana 326, ena a pafupi ndi bwalo lakale, ena a pafupi ndi latsopano, ndi ena a m'madera abata, nawayesa kuwerenga ndi kukumbukira bwalo lisanasamuke ndiponso litasamuka. Anapeza kuti ana a pa bwalo lakale, amene anali m'mbuyo pa kuwerenga mawu ovuta ndi pa kukumbukira, anayamba kuwapeza anzawo phokoso litachoka. Ndipo ana a pa bwalo latsopano, amene poyamba anali bwino, anabwerera m'mbuyo. Aphunzitsi sanasinthe, mabuku sanasinthe. Chinasintha ndi thambo lokha. Kafukufuku wina, wofalitsidwa mu 2005, anayesa ana 2,844 a m'sukulu 89 zozungulira mabwalo a London, Amsterdam ndi Madrid, napeza kuti ku England, phokoso likakwera ndi madesibelo 5, kuwerenga kwa mwana kuchedwa kufikira miyezi iwiri.

Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa kwa aliyense amene anaphunzitsapo Sande sukulu. Ndege ikamapita, mphunzitsi aleka kulankhula, kapena apitiriza koma mawu ake samveka. Ikatha kupita, ana abalalika kale m'maganizo, ndipo ayenera kuwasonkhanitsanso. Mwana wokhala m'phokoso masiku onse aphunzira kutseka makutu ake, ndipo potseka phokoso atsekera pamodzi ndi mawu a mphunzitsi.

Akulu nawonso sapulumuka. Thupi la munthu limva phokoso ngakhale iye ali m'tulo: mtima ufulumira, magazi akwera, tulo tikhala tosazama, chinkana m'mawa munthuyo adzanena kuti sanadzuke. Mu 2013 akatswiri a ku London anapenda mbiri ya matenda ya anthu 3.6 miliyoni okhala mozungulira Heathrow, napeza kuti m'madera a phokoso lalikulu ogonekedwa m'chipatala ndi nthenda ya kufa ziwalo anachuluka ndi 24 pa 100 alionse kuposa a m'madera abata. Mu 2018 bungwe la zaumoyo la maiko onse, WHO, linalangiza maiko a ku Ulaya kuti phokoso la ndege, poliwerengera tsiku lonse, lisapitirire madesibelo 45, ndipo la usiku lisapitirire 40. Ku Frankfurt, kuyambira mu 2011, ndege siziloledwa kunyamuka kapena kutera kuyambira 11 koloko usiku kufikira 5 koloko m'mawa.

Koma tisakuopsezeni pachabe, pakuti Lumbadzi si Heathrow. Heathrow iloledwa ndege 480,000 pa chaka, ndiko kuti ngati 1,300 tsiku lililonse, imodzi pambuyo pa inzake kuyambira m'bandakucha. Za ku Lumbadzi munthu angathe kuziwerenga ali chikhalire pamsika. Ndiponso ndege za masiku ano sizili ngati VC10. Opanga injini anaika chipupizo chachikulu kutsogolo, chokankha mpweya wambiri pang'onopang'ono, ndipo mpweya wozizirawo ukuta wotenthawo monga bulangeti. Kotero m'malo mwa mpopi wotsekedwa ndi chala, injini yasanduka mtsinje waukulu woyenda mofatsa. Majeti atsopano atsika ndi madesibelo ngati 20 polinganiza ndi a zaka za m'ma 1960, ndipo mwa chiwerengero chathu chija ndiko kuti khutu limva gawo limodzi la magawo anayi. Air Malawi itatha mu 2013, kampani imene inalowa m'malo mwake mu 2014, mothandizana ndi Ethiopian Airlines, inayamba ndi Boeing 737-800 ndi Q400 ya mapulopela, zonse ziwiri zofatsa kutalitali kuposa One-Eleven.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene muyeso wa ku Ulaya sunena za ife. Choyamba, usiku wa kumudzi uli chete ndithu, kopanda magalimoto ndi masitima, kotero kuti ndege imodzi imveka kwambiri pamenepo kuposa m'mzinda wosagona. Chachiwiri, nyumba zathu sizitchinga kanthu. Ku Ulaya eni mabwalo alipira kuti nyumba ndi sukulu za pafupi ziikidwe mazenera a magalasi awiri ndi denga lochindikala. Kwathu denga ndi malata opanda siling'i, mazenera a sukulu ndi njerwa zamabowo, ndipo makalasi ena ali pansi pa mtengo. Muyeso umene kwa mwana wa ku Amsterdam uli wa kunja kwa khoma, kwa mwana wa kwathu uli wa pa khutu penipeni.

Pano tipatuke pang'ono, pakuti chilungamo chitikakamiza. Mukafunsa munthu wa ku Area 3, ku Area 47 kapena ku Old Town chimene chamlanda tulo, sadzatchula ndege ayi. Adzatchula jenereta ya mnansi wake, malo omwera mowa, ndipo, tinene mopanda kubisa, zokuzira mawu za mipingo yochezera usiku wonse. Chokuzira mawu chotsegulidwa kotheratu chifika madesibelo 100 kwa okhala pafupi nacho, ndipo ndege ipita m'mphindi imodzi, koma icho chilira kufikira tambala. Makanda ogona pamsana pa amayi awo kutsogolo kwa zipangizozo ali ndi makutu anthete. Sitiyesa kuti pemphero likwera kumwamba ndi mphamvu ya magetsi, ndipo akulu a mipingo achita bwino kuganizirapo.

Bwalo lakale lija lilipobe, ndipo lakhala m'manja mwa asilikali a ndege, chifukwa chake dera lonselo anthu alitcha Airwing. Pamenepo ndi pamene khamu lalikulu linasonkhana pa 6 May 1989 kudzachita Misa ndi Papa John Paul II. Pamene linamangidwa linali kunja kwa mudzi. Lero nyumba zalifika. Umu ndimo mabwalo onse a dziko lapansi achitira. Amangidwa kuthengo, msewu wabwino ulambulidwa kunka kumeneko, magetsi ndi madzi zitsata msewu, antchito afuna kugona pafupi, ogulitsa atsata antchito, ndipo zitapita zaka makumi atatu adzukulu a iwo amene anatsata bwalo ayamba kudandaula kuti bwalo lili pakati pa anthu. Heathrow yomweyo inali minda ya ndiwo zamasamba nkhondo yachiwiri isanathe.

Taonani tsono chiwerengero cha anthu a m'Lilongwe: mu 1977 anali ngati 99,000, mu 1987 anapitirira 220,000, mu 1998 anali 440,000, mu 2018 anatsala pang'ono kukwana miliyoni imodzi. Mzinda wakwawa kumpoto motsata msewu wa M1, kupitirira Kanengo ndi Area 25, ndipo mpata umene okonza mapu anasiya pakati pa likulu ndi bwalo ukucheperachepera chaka ndi chaka. Nyumba yofikiramo apaulendo pa bwalo la Kamuzu inakulitsidwa ndi thandizo la Japan, ntchitoyo nitha mu 2019, ndipo dziko lonse lifuna kuti ndege zichuluke, pakuti zibweretsa malonda ndi alendo. Zikachuluka, ndipo makamaka zikadza ndege za katundu, zimene m'maiko ambiri zikonda kuyenda usiku, iwo amene amanga lero kunsi kwa njira yake adzazimva.

Mu 2001 bungwe la ICAO linagwirizana njira zinayi zochepetsera vutoli: kupanga ndege zofatsa, kusamala kagawidwe ka malo ozungulira bwalo, kusintha kaulukidwe ponyamuka ndi potera, ndi kuletsa ndege zina kapena maola ena. Yoyamba ili m'manja mwa opanga injini a kutsidya la nyanja, yachitatu ndi yachinayi zili m'manja mwa oyang'anira za ndege; koma yachiwiri ili m'manja mwa Boma, makhonsolo, mafumu ogawa malo, ndi ife tomwe amene tisankha pomanga tchalitchi, sukulu ndi chipatala. Ndiyo yotchipa koposa zonse ikachitika nyumba zisanamangidwe, ndipo ndiyo yodula ndi yowawa koposa ikachitika zitamangidwa, pakuti pamenepo isanduka nkhani ya kugwetsa nyumba ndi kulipira chipukuta misozi.

Amene mufuna malo cha ku Lumbadzi dziwani ichi, kuti phokoso la bwalo siligwa mozungulira ngati mthunzi wa mtengo ayi, koma ligona motalika ndi mopapatiza ngati tsamba la chimanga, motsata msewu wa ndege kumapeto kwake konse kuwiri. Msewu wa pa bwalo la Kamuzu ulembedwa manambala 14 ndi 32, ndiko kuti waloza kumwera cha kum'mawa ndi kumpoto cha kumadzulo. Ndipo popeza ndege inyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo, m'miyezi ya mwera izo zitsika kuchokera kumpoto cha kumadzulo, nizinyamuka kuloza kumwera cha kum'mawa. Ndege yotera itsika mamita ngati 50 pa kilomita iliyonse. Ikakhala makilomita 10 kuchokera pa bwalo ili mamita oposa 500 m'mwamba; pa makilomita 5 ili pansi pa mamita 300; ndipo sukulu yomangidwa pa mzere womwewo makilomita 2 kuchokera kumapeto kwa msewu idzaiona ikupita mamita 120 okha pamwamba pa denga lake. Koma sukulu yomangidwa makilomita 2 omwewo cha kumbali, kunja kwa mzerewo, italikirana ndi ndegeyo koposa kakhumi ndi kasanu, ndipo phokoso lofika pa zenera lake litsika ndi madesibelo oposa 20.